Zimene Kompyuta Boksi Imaiwala Batire Ikachotsedwa

M'magalaji a m'mbali mwa msewu wa Great East, pa Katete ndi pa Sinda, magalimoto ambiri obwera kudzakonzedwa ndi ochokera ku Japan: Corolla, Vitz, Noah. Onsewa ali ndi kabokosi kamene amakaniko amati kompyuta boksi, m'mabuku ECU. Ndiko kamalamula kuchuluka kwa petulo wolowa mu injini ndi nthawi yoti mapulagi athethetse moto.

Kabokosika kamasunga zinthu pawiri. Zina zinalembedwa kufakitale, ndipo sizifufutika ngakhale galimoto itagona chaka yopanda batire. Zina kamaziphunzira pamsewu, ndipo pa magalimoto ambiri zimenezi zimakhala m'chigawo chotchedwa keep-alive memory, chomwe chimadya timoto pang'onopang'ono usana ndi usiku, ngakhale kiyi ali m'thumba. Mukangomasula thaminolo ya batire, zophunzira zonsezo zapita, pamodzi ndi nthawi ya pa wotchi ndi masiteshoni a wailesi.

Mwa zophunzirazo, chachikulu ndi fuel trim. Injini ikamakalamba, kompyuta imamvera sensa ya pa ekizozi n'kumawonjezera kapena kuchepetsa petulo kuti moto uziyaka bwino. China ndi idling, kulira kwa injini phazi lisanaponde. Tsegulani throttle body ya galimoto yakale muone mwaye wakuda womata m'mbali mwa kachitseko ka mpweya. Pa magalimoto amene kachitsekoko kamayendera magetsi, kompyuta inazolowera kukatsegula mopitirirako kuti mpweya ukwane. Ikaiwala, imabwerera ku miyeso ya injini yatsopano, galimoto n'kumanjenjemera kapena kuzima pa hampu. Mwiniwake amada batire imene wangogula, pamene batireyo ilibe mlandu. Magalimoto ambiri amaphunziranso akayenda maulendo angapo, ena mpaka throttle itsukidwe.

Chida chopewera zimenezi ndi memory saver: kabatire ka mavolti 12 ndi chingwe cholowa pa soketi ya OBD, pansi pa chiwongolero, pamene pamalowa mashini ofufuzira matenda a galimoto. Soketi ya mtundu umenewu inakhala ya lamulo ku America mu 1996. Ili ndi mapini 16. Pini ya nambala 16 imakhala ndi moto wa batire nthawi zonse, ya 4 ndi ya 5 ndi earth. Ena amalowetsa chidachi poyatsira fodya, koma pa ma Toyota ambiri pamenepo pamazima kiyi akachotsedwa, choncho palibe chimene asunga.

Chidachi chikalumikizidwa, waya wa pozitivu amakhalabe ndi moto ngakhale batire ili pansi. Mukulungeni ndi chiguduli asakhudze chitsulo, apo ayi fyuzi ipsa. Zitseko zikhale zotseka, chifukwa getsi la m'kati limamaliza kabatireko. Negetivu ndi woyamba kumasula, womaliza kumanga.

Makaniko wodziwa amadziwanso nthawi yosasunga. Powotcherera kapena pogwira mawaya a airbag, galimoto isakhale ndi moto uliwonse. A Toyota amalangiza kudikira masekondi 90 negetivu atachotsedwa. Ndipo wogula galimoto achenjere: kuchotsa batire kumatha kuzimitsa getsi la check engine, koma matendawo amakhala alipobe, getsilo lidzayakanso ndalama zitapita kale.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chizolowezi china. Kumapeto kwa Ogasiti, magalimoto akadzaza ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, sipalephera ina yokana kulira. Anthu abwino mtima amabwereka batire, kuliza injini, kenako n'kuzula batireyo injini ikulira kuti abwezeremo yakufayo. Ena amatero poyesa alternator, akuti pajatu kompyuta siiwala. Komatu batire ndiyo imameza moto wopitirira wochokera ku alternator. Ikachoka, mavolti amatha kudumpha n'kuwotcha kompyuta boksi yeniyeniyo. Jampani ndi mawaya batire zonse zili pamalo pake, ndipo alternator muziiyesa ndi mita: injini ikamalira iziwerenga mavolti pafupifupi 14.