Zaka 6 za lamulo la chamba: mlimi wa kwa Champiti adakadikirabe

Pa 27 Febuluwale 2020, aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe adavomereza bilu yolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Adaibweretsa m'nyumbamo ndi a Kondwani Nankhumwa, omwe panthawiyo adali nduna ya zamalimidwe. Dziko lidali likadatekeseka ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 mwezi womwewo chothetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, komabe nkhani ya chamba idapeza malo ake. Kwathu kuno kwa Inkosi Champiti, m'boma la Ntcheu, idafika pa wailesi, ndipo idakambidwa pachigayo, pamjigo, ngakhale kuseri kwa tchalitchi mapemphero atatha. Lero patha zaka zisanu ndi chimodzi. Tsikuli ndi loyenera kulikumbukira, chifukwa pali ngongole imene andale adatenga kwa alimi tsiku limenelo, ndipo sadabwezebe.

Woyamba kulimba mtima adali a Boniface Kadzamira, phungu wa Ntchisi North. Atadzutsa nkhaniyi mu 2015, aphungu anzawo adawaseka. Iwo sadafooke. Kampani ya Invegrow idaloledwa kuyesa mbewuyi ku Chitedze, ndipo pang'onopang'ono mfundo idayamba kumveka: fodya, yemwe wakhala akubweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa mbewu ina iliyonse, akutha mphamvu pamsika wa dziko lonse. Lesotho idatsegula khomo mu 2017, Zimbabwe mu 2018. Ife tikanatsalira bwanji, pomwe dzina la chamba chathu, Malawi Gold, lidamveka kale kutsidya kwa nyanja?

Mtsutso umene udalipo kumudzi kuno sudali wachibwana, ndipo ndimaulemekeza mpaka lero. Amayi, akulu a mpingo ndi aphunzitsi ankati mwana akangomva kuti boma lavomereza chamba, sadzafunsanso kuti chamba chake chiti. Ankanena zomwe adaziona ndi maso: mnyamata wanzeru kusiya sukulu ali Fomu 2, kuyamba kulankhula yekha, mapeto ake abale n'kumufunira galimoto ya ku chipatala cha amisala ku Zomba. Achinyamata nawo ankati takhala tikulima chimanga ndi mtedza n'kumagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira, ndiye ngati pali mbewu ina yoti itichotse m'nyumba yaudzu, ibwere. A chipembedzo cha Rasta adali ndi dandaulo lawolawo, loti lamuloli lawasiya panja. Ine ndidali mbali ya ovomereza kulima, osati kusuta, ndipo ndikadali pomwepo. Koma mantha a amayi aja adali oona, ndipo njala ya anyamata aja idali yoonanso. Ntchito ya wandale idali kuyankha onse awiri.

Yankho lidabwera kumapeto kwa 2020, bungwe la Cannabis Regulatory Authority litalengeza mitengo ya ziphaso. Chiphaso cholimira chamba cha mankhwala: madola 10,000. Cha mafakitale: madola 2,000. Mitengoyi idalembedwa m'madola, m'dziko lomwe mlimi amakongola ngakhale ndalama yoombolera thumba la feteleza wotsika mtengo. Kenako kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti madola 10,000 aja pamtengo wa kubanki adapitirira K17 miliyoni. Chiphasocho ndi chiyambi chabe. Pamafunika mbewu yovomerezeka, mpanda, alonda, malo oumitsira, komanso wogula wodziwika usadabzale n'komwe. Ndani kwa Champiti angafike pamenepo? Alimi ena m'maboma osiyanasiyana adamvera langizo lolowa m'makopaletivi, adasonkha ndalama, ena adagulitsa mbuzi ndi ng'ombe, adalima, adakolola. Ambiri a iwo adatsala ndi matumba m'nyumba, ogula olonjezedwa aja osaoneka.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti pamene alimiwa ankalira, atsogoleri ankalankhulabe zazikulu. Mu 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza mtundu kuti tsogolo la fodya lafika kumapeto, ndipo adatchula chamba ngati imodzi mwa mbewu zolowa m'malo mwake. Mu Novembala chaka chomwecho, nduna ya zamalimidwe a Lobin Lowe adalembera katswiri wankhonya wa ku America, Mike Tyson, kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Kazembe tidamufuna msika tisadaupeze. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mlimi amene adakana kuzula chimanga chake chifukwa cha malonjezo a pawailesi sadali wotsalira, adali wochenjera.

Pakatipo, lamulo lakale la mankhwala oopsa lidapitiriza kuluma, ndipo limaluma mosankha. Mu 2022 khoti la ku Blantyre lidalamula mnyamata wa zaka 19 kukakhala kundende zaka 8 atapezeka ndi chamba, pomwe mkulu wa kampani ina yaikulu, yemwe adapezeka ndi mlandu wolima chamba, adangolipitsidwa chindapusa cha K1 miliyoni. Anthu adakwiya, adayenda m'misewu, ndipo khoti lalikulu lidatsitsa chilangocho kufika pa zaka zitatu. Milandu iwiriyi sidali yofanana ndendende, zimenezo n'zoona. Koma phunziro lomwe mnyamata wa kumudzi adatolapo ndi loti mbewu ndi imodzimodzi, chosiyana ndi thumba la amene waigwira.

Mu Malichi 2024 aphungu adabwereranso ku nkhaniyi, a Peter Dimba a Lilongwe South atabweretsa bilu yoti chamba chathu chenicheni chiziloledwa kulimidwa ndi amene ali ndi chiphaso. Mawu adali okoma ngati a 2020. Kuno sitidaonepo kusintha.

Palibe chipani chimene chingasambe m'manja. Lamuloli lidadutsa DPP ikulamula, lidayendetsedwa ndi boma la Tonse kwa zaka zisanu, ndipo chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chidalibwezera m'manja mwa a Peter Mutharika. Amene ankayembekezera chuma sadachione. Amene ankaopa za ana awo sadapatsidwe chitetezo: uphungu kwa achinyamata osuta sudafike pazipatala zathu zazing'ono mokwanira, ndipo banja la wodwala limaganizabe za Zomba kapena St John of God, ulendo wofuna ndalama zomwe lilibe. Chamba chosutacho chikuyendabe pamsewu wa M1 monga kale, ogwidwa n'kukhala onyamula, eni katundu ali phee. N'chifukwa chake anthu akamati andale onse ndi amodzi, sindiwadzudzula msanga, ngakhale mawuwo ndimawaopa, pakuti munthu akataya mtima amasiya kufunsa, ndipo wandale wosafunsidwa amagona tulo tabwino.

Choncho tifunse. Inu aphungu a boma la Ntcheu, mukabwera kudzacheza nafe, tiuzeni kuti ndi alimi angati a m'boma lino amene ali ndi chiphaso, ndipo adagulitsa kuti. Kamenyereni nkhondo kuti chiphaso cha kopaletivi ya kumudzi chikhale m'makwacha, pamtengo woti anthu makumi awiri angasonkhe. Pasapezekenso kampani yotolera ndalama kwa alimi isadaonetse msika. Gawo la ndalama za ziphasozo lipite ku uphungu ndi chithandizo cha achinyamata amene chamba chawavulaza. Ndipo inu anzanga a kwa Champiti, wina akadzabwera ndi mafomu a chamba, musagulitse mbuzi musadaone pangano lolembedwa ndi dzina la wogula.