Diso la Kumwamba ndi Mvula ya ku Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Pa 23 Novembala 1977, ku Cape Canaveral m'dziko la America, akatswiri adaulutsa chombo chimene chidanyamula makina a maiko a ku Ulaya otchedwa Meteosat. Makinawo, amene masiku ano anthu amangoti setilaiti, adakaikidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa nyanja ya Atlantic, kuzambwe kwa Africa, pamene mzere wa Equator umakumana ndi mzere wa Greenwich. Pa mtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi m'mene dzikolo limatembenukira, kotero kuti kwa munthu woima pansi imakhala ngati yakhomedwa pamalo amodzi. Ili pamenepo inkajambula Africa yense pa mphindi 30 zilizonse, usiku ndi usana. Yoyambayo idaleka kuona mu Novembala 1979. Inzake idakwera mu Juni 1981, ndipo chiyambire chaka chimenecho mapiri a Dowa ndi Ntchisi akhala ali ndi mlonda kumwamba.

Komatu mlonda ameneyu mvula saiona ayi. Diso lake limamva kuŵala kwa dzuŵa kumene mitambo ndi nthaka zimabweza, ndiponso kutentha kumene chinthu chilichonse chimatulutsa, monga muja phale lochoka pamoto limatenthera dzanja lisanakhudzidwe. Zimene zimafika pansi pano ndi manambala chabe. Pa makina oyambawo manambala a kutentha ankayambira pa 0 kulekeza pa 255, ndipo nambala payokha inalibe tanthauzo mpaka wina atanena kuti nambala yakutiyakuti ikuimira madigiri akutiakuti.

Mlimi wa fodya wa ku Mponela kapena ku Madisi nkhani ya sikelo amaidziŵa bwino. Sikelo yatsopano imanena zoona, koma ikagwira ntchito misika ingapo imayamba kuba, nthaŵi zina mwini wake osadziŵa, chifukwa cha dzimbiri ndi kutopa kwa chitsulo. Nchifukwa chake boma limatuma anthu oyendera masikelo atanyamula miyala yachitsulo imene kulemera kwake nkodziŵika. Setilaiti nayo ndi sikelo, ndipo imakalamba. Magalasi ake amachita chidima ndi ukali wa dzuŵa, zipangizo zake zimafooka, koma palibe munthu angakwere makilomita 36,000 kukaiyendera. Mwala woyesera udayenera kupezeka pakati pa zinthu zimene diso lomwelo limaziona.

Mwala woyamba udali mlengalenga wopanda kanthu wa kuseri kwa dziko, umene ngwozizira kotheratu. Diso likayang'ana kumeneko, akatswiri ankadziŵa poyambira sikelo yao. Wachiŵiri udali nyanja. Madzi a nyanja yaikulu sasintha kutentha msangamsanga, ndipo zombo zinkawayesa tsiku ndi tsiku. Choncho mitambo ikayera, nambala ya setilaiti inkafanizidwa ndi kutentha kodziŵika kwa madziwo. Pofuna kuyesa mbali ya diso imene imamva chinyontho cha m'mwamba, ankadalira mabaluni onyamula timakina, amene malo oona zanyengo amaulutsa. Zonsezi zidali kuyesa sikelo uli kutali nayo, ndipo nthaŵi zina manambala ankalumpha popanda chifukwa chochokera ku nyengo.

Pamene bungwe la EUMETSAT, limene maiko a ku Ulaya adakhazikitsa mu 1986 ndipo likulu lake lili ku Darmstadt ku Germany, lidakweza setilaiti ya mbadwo wachiŵiri mu Ogasiti 2002, mwala woyesera udali m'kati mwake momwemo. Diso latsopanolo, lotchedwa SEVIRI, linkaona m'njira 12 pa mphindi 15 zilizonse, ndipo lidapatsidwa kachitsulo kakuda kamene kutentha kwake kamayesedwa mosamala. Nthaŵi ndi nthaŵi kachitsuloko kamatsekera diso kutsogolo. Diso likanena nambala yosiyana ndi yoyembekezeka, akatswiri amaliongola. Ngakhale pamenepo zovuta sizidathe. Timaso tomva kutentha timasungidwa pozizira pafupifupi madigiri 180 pansi pa ziro, ndiye chinyontho chimene makina adachoka nacho pansi pano chimaundana pa magalasi pang'onopang'ono. Diso limachita ng'ala, nkuyamba kuona zinthu ngati zozizira kuposa m'mene ziliri. Mankhwala ake nkutenthetsa makina kwa masiku angapo kuti madzi oundanawo achoke, ndipo masiku amenewo setilaiti ina imagwirizira ntchito.

Mbali yoona kuŵala idalibe mwala wa m'kati. Imeneyo amaiyesera pa mchenga wa chipululu cha Libya, umene maonekedwe ake sasintha chaka ndi chaka, pa nsonga zoyera za mitambo yaitali ya mabingu, ndiponso pa mwezi, umene nthaŵi zina umatulukira m'mphepete mwa chithunzi. Mu 2005 bungwe loona zanyengo pa dziko lonse, la WMO, pamodzi ndi eni masetilaiti adapangana zoti makina a maiko onse aziyesedwa pa muyeso umodzi. Adasankha makina ena osamala kwambiri, monga IASI amene adakwera mu Okutobala 2006 pa setilaiti yoyenda chapafupi, yodutsa kumpoto ndi kumwera kwa dziko. IASI ikamadutsa pansi pa Meteosat, zonse ziŵiri zimayang'ana malo amodzi pa nthaŵi imodzi, ndipo kusiyana kwa manambala ao kumaulula amene wasokera.

Koma diso likanena zoona pa za kutentha, ntchito yangofika pakati, pakuti mlimi safuna madigiri, afuna mvula. Nzeru yolumikiza ziŵirizi njosavuta kuimva. Mtambo wa mabingu umakwera kwambiri, ndipo kumwamba nkozizira; tsono mtambo wa nsonga yozizira ukakhalitsa pamalo, mvula iyenera kuti yagwa pamenepo. Katswiri wa ku America, Phillip Arkin, atasanthula zimene zombo zidayesa pa nyanja ya Atlantic mu 1974, adapereka lamulo lakuti mtambo wozizira kupitirira madigiri 38 pansi pa ziro uziŵerengedwa ngati ukugwetsa mamilimita atatu pa ola. Lamulolo lidabadwira pa nyanja, ndipo pa mtunda silidakhoze paliponse. Gulu la TAMSAT la pa yunivesite ya Reading ku England lidatsata njira ina: dera lililonse ndi mwezi uliwonse zikhale ndi muyeso wakewake, wochokera pofaniza maola a mtambo wozizira ndi madzi enieni ogwera m'zitini zoyezera mvula. Kaundula wao wa mvula ya Africa amayambira mu 1983. Apa mpamene chitini cha pa boma, cha pa mishoni ndi cha pa ofesi ya alangizi chidasanduka mwala woyesera makina a mtengo wa mamiliyoni. M'Malaŵi muno chitinicho amachiŵerenga 8 koloko m'maŵa, ndipo munthu amene wagonereza, kapena amene wangolemba za m'mutu, amasokeretsa muyeso wa dera lonse.

Ku Dowa ndi ku Ntchisi nkumene lamulo la mtambo wozizira limapunthwa. Maboma aŵiriŵa ali pa msana wa dziko. Kuzambwe kuli chidikha cha Mponela, Madisi ndi Malomo, chotsetserekera ku mtsinje wa Bua. Kuvuma nthaka imagwa motsetsereka kuchokera ku Mvera ndi ku phiri la Ntchisi kupita ku nyanja, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Ku chidikha mvula yambiri imadza ndi mabingu a masana, ndipo mitambo yake setilaiti imaiona bwino. Kuvuma nkhani njina. Mphepo yochokera ku nyanja imadza ndi chinyontho, ikagunda mapiri imakwera, nkusanduka nkhungu ndi mvumbi umene umatha kuswera tsiku lathunthu. Mitambo yotereyi njaifupi, nsonga zake nzofunda, ndipo kwa diso la kumwamba imaoneka ngati yopanda madzi. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, ya mitengo yosayoyola masamba, imene akuluakulu amati anthu ankabisalamo pa nkhondo za Angoni, ndi umboni woti pamenepo pamagwa madzi ochuluka kuposa amene lamulo la mtambo wozizira lingavomere. Cholakwa china chimapita mbali inayo: mtambo wa mabingu ukatha mphamvu umasiya chifunda chopyapyala, chozizira kwambiri, chimene mphepo imachiyala pa midzi yambiri. Setilaiti imalemba mvula, pamene pansi anthu akungoyang'ana kumwamba, makasu ali m'manja.

Palinso nkhani ya poimira. Setilaiti ya pa mzere wa Greenwich imaona Malaŵi chammbali, popeza dzikoli lili madigiri 34 kuvuma kwake. Mtambo wautali makilomita 15 umaoneka pa chithunzi utasunthira cha kuvuma ndi makilomita oposa 10, monga munthu woona mtengo wautali ali patali amaganiza kuti nsonga yake ili pa munda wa kuseri. Pa chidikha kusuntha kotere sikupweteka kwenikweni. Koma pa mapiri, pamene mudzi wina uli ku mphepo ndipo wina uli kuseri kwa phiri, makilomita 10 ndiwo amasiyanitsa wokolola ndi wopempha. Akatswiri amakonza cholakwachi ndi masamu, ndipo kuyambira 2017 chithunzi china chimachokera ku Meteosat yoima cha ku nyanja ya India, imene imaona dziko lino pafupifupi kuchokera pamutu.

Kwa zaka zambiri manambala ameneŵa ankangothandiza kuchenjeza za njala, monga pa chilala cha 1992. Kenaka ndalama zidaloŵapo. Mu 2005 alimi a mtedza 892 a m'bungwe la NASFAM adayamba inshuwalansi ya mtundu watsopano, imene inkalipira potsata mvula yoyesedwa, popanda munthu wokaona munda. Muyeso udali zitini za ku Chitedze, Lilongwe, Kasungu ndi Nkhotakota, ndipo mlimi ankaloledwa pokhapokha munda wake uli m'kati mwa makilomita 20 kuchokera pa chitini. Woyang'ana mapu aona kuti midzi yambiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ili pakati pa malo anaiŵa, kutali ndi onse. Kusoŵa kwa zitini kotereku nkumene kudakankhira anthu a inshuwalansi ku setilaiti, imene imaona mudzi uliwonse.

Mayeso aakulu adadza mu nyengo ya 2015 mpaka 2016. Boma la Malaŵi lidalipira madola pafupifupi 5 miliyoni ku African Risk Capacity, bungwe la inshuwalansi ya chilala limene African Union idakhazikitsa mu 2012. Bungwelo linkaŵerengera njala ndi kompyuta, pophatikiza mvula ya setilaiti ndi madzi amene chimanga chimafuna. Mvula idadula, ndipo mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu 6.5 miliyoni ankafunika thandizo la chakudya. Koma kompyuta idati ovutika ngoŵerengeka chabe, osakwanira kuti ndalama zituluke. Padapita miyezi anthu akukangana, mpaka ofufuza adatsikira m'midzi kukafunsa alimi eni ake. Adapeza kuti cholakwa chachikulu sichidali m'diso la kumwamba. Kompyuta idauzidwa kuti alimi amabzala chimanga cha masiku 120 mpaka 140, pamene ambiri adali atatembenukira ku mbeu zocha msanga, za masiku 90, zimene ng'amba idazipeza pa nthaŵi yoipitsitsa ya kukula kwake. Atakonza nambala imodziyo, chilala chidaoneka. Madola 8.1 miliyoni adaperekedwa mu Januwale 2017, miyezi isanu ndi inai chilengezere ngozi, anthu atadya kale gaga ndi mango aaŵisi. Funso limene mlangizi aliyense wa ku Nambuma akadayankha ali chiimire lidatenga nthaŵi yonseyo chifukwa padalibe amene adalifunsa poyamba.

Mbadwo wachitatu wa Meteosat udayamba pa 13 Disembala 2022. Diso lake limaona m'njira 16 pa mphindi 10 zilizonse, ndipo pambali pake pali lina loŵerenga mphezi. Mu Januwale 2024, makinawo akali kuyesedwa, kachipangizo kosuntha chitsulo chakuda chija kadavuta, ndipo mwala wa m'kati udasiya kugwiritsidwa ntchito. Akatswiri a ku Darmstadt adabwerera ku nzeru yakale yoyesera kunja, podalira makamaka IASI, ndipo setilaitiyo idavomerezedwa kuyamba ntchito mu Disembala chaka chomwecho, dzina lake Meteosat-12.

Pa 1 Julayi 2025 idakwera inzake ya ntchito ina. Iyo m'malo mojambula nsonga za mitambo imayesa kutentha ndi chinyontho cha mpweya msinkhu ndi msinkhu, kuyambira pafupi ndi nthaka mpaka kumwamba, monga msodzi wa ku Nkhotakota amayesera kuya kwa madzi ndi chingwe. China ndiye adatsogola ndi makina otere mu 2016. A ku Ulayaŵa ndiwo oyamba oima moyang'anizana ndi Africa. Kwa mapiri a Dowa ndi Ntchisi phindu lake lingakhale lalikulu, pakuti chinyontho chochokera ku nyanja chikhoza kuoneka mtambo usanapangike. Koma makina otere amayesedwa ndi mabaluni, ndipo Africa ali ndi malo ochepa kwambiri oulutsira mabaluniwo.