Chipani cha nkhalango pa zisankho: mawu ndi mfundo zake

Chipani cha nkhalango ndi chipani cha ndale chimene chimakhazikitsidwa pofuna kuteteza mitengo ndi zachilengedwe zina. Odziwa za ndale amachiika m'gulu la zipani za nkhani imodzi, posiyanitsa ndi zipani zikuluzikulu monga MCP, DPP ndi UDF, zomwe manifesito awo amakhudza fetereza, misewu, sukulu ndi zipatala nthawi imodzi. Chimodzi mwa zipani zoyambirira za mtunduwu ndi United Tasmania Group ya ku Australia, yomwe inapikisana pa chisankho cha 1972 osapeza mpando. Ku Malawi, chiyambireni ndale za zipani zambiri mu 1994, palibe chipani chotere chomwe chinalowapo m'Nyumba ya Malamulo. Komabe mitengo ikutha aliyense akuona ku Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, ndipo chifukwa chimene vutoli silisandukira mavoti chimamveka bwino munthu akadziwa mawu a mbali ziwiri, a zankhalango ndi a zachisankho.

Lamulo la zankhalango la 1997 limasiyanitsa mitengo potengera mwini wa malo. Nkhalango yotetezedwa ndi ya boma ndipo imayang'aniridwa ndi nthambi ya zankhalango. Yaikulu m'chigawo chapakati ndi Dzalanyama, ya mahekitala pafupifupi 99,000, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, m'malire ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko n'kudzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, omwe amamwetsa mzindawo. Nkhalango ya m'mudzi ili pa malo a mafumu. Amaipatula ndi anyakwawa ndipo amaiyendetsa ndi komiti ya zachilengedwe yosankhidwa ndi anthu a m'mudzimo. Komitiyi ndi imene imasamala nazale, kulambula njira zotchinga moto, ndi kulipiritsa chindapusa wodula mtengo mopanda chilolezo.

Mtundu wachitatu mphamvu zake sizichokera m'buku la malamulo koma m'mwambo, ndipo ndi umene umaonekera kwambiri kwa woyenda kuchokera ku Nsaru kupita ku Kabudula. Pakati pa minda yoyera, ya chimanga ndi fodya, pamatuluka kachigulu ka mitengo yachilengedwe yothithikana, yakuda bii nthawi ya dzinja. Amenewo ndi manda, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa ndi komwenso kuli dambwe la Gule Wamkulu. Munthu salowamo ndi nkhwangwa popanda mawu a mfumu. Misitu ya kumandayi yapulumuka popanda mlonda wolandira malipiro, umboni wakuti m'derali mtengo umatetezeka pamene uli ndi mwini amene anthu amamuopa ndi kumulemekeza.

Zomwe zimadya mitengo nazo n'zodziwika. Fodya wa bale amafuna chigafa cha nsichi ndi mitanda, zomwe chiswe chimazimaliza pakapita nyengo zochepa. Uvuni wa njerwa umafuna zipika zikuluzikulu. Koma chachikulu ndi makala. Wootcha amadula mitengo yachilengedwe monga mombo, amaunjika zipika, amakwirira ndi udzu ndi dothi, amayatsa, n'kudikira masiku angapo utsi ukufuka pang'onopang'ono. Matumba amamangidwa atatu kapena anayi panjinga, ndipo m'bandakucha amakhala ali pamsewu wa ku Mchinji kulowera m'tauni, kumene mabanja ambiri amaphikira pambaula. Mu 2015 boma linatumiza asilikali ku Dzalanyama, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango linakonzedwanso kuti zilango zikhwime. Vuto la chipani cha nkhalango lagona pomwepa: wootcha makala, wopalasa njingayo ndi mayi wogula kathumba ka makala kumsika, onse ndi ovota. Wopempha voti amene uthenga wake ndi woletsa basi, osanena kuti banja lidya chiyani ndi kuphikira chiyani, akupempha anthu kuti avotere njala yawo.

Ku mbali ya zisankho, mawu oyamba ndi kulembetsa. Lamulo la zipani la 2018 limafuna kuti chipani chatsopano chikhale ndi anthu osachepera 100 m'boma lililonse la dziko lino. Cholinga chake n'kuchepetsa zipani za m'chikwama, zija zokhala ndi mtsogoleri ndi chidindo koma zopanda anthu. Gulu lobadwira pa nkhani ya Dzalanyama liyenera choncho kupeza otsatira mpaka ku Chitipa ndi ku Nsanje lisanaoneke papepala lovotera. Thandizo la ndalama za boma nalo, malinga ndi malamulo aakulu a dziko, limapita ku chipani chomwe chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi.

Chachiwiri ndi dera la phungu. Maderawa anali 193 ndipo pa chisankho cha 2025 anafika 229. M'dera lililonse amapambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ndipo mavoti a otsalawo sawerengedwanso kwina kulikonse. Chipani chokondedwa ndi anthu ochepa m'dera lililonse chikhoza kusonkhanitsa mavoti zikwizikwi m'dziko lonse n'kutuluka chimanjamanja. Kuwonjezera apo, madera ena ndi kuchimake kwa chipani chimodzi. Midzi ya Lilongwe yakhala ya MCP, chipani cha tambala wakuda, kwa zaka zambiri. Lazarus Chakwera wa MCP anali phungu wa Lilongwe North West kuyambira 2014 mpaka pamene anakhala pulezidenti mu 2020. Kumalo otere mpikisano weniweni umachitikira pa chisankho cha chipulula, pamene chipani chimasankha wochiimira. Wogwa kuchipulula amene ali ndi anthu nthawi zambiri amaima payekha, ndipo oima paokha akhala akupeza mipando yambiri kuposa zipani zing'onozing'ono zonse pamodzi.

Pa mpando wa pulezidenti zinthu zinasintha pa 3 February 2020, khoti litagamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, zomwe anthu amangoti 50+1. Lamuloli limakweza mtengo wa chipani chaching'ono, chifukwa chachikulu chimafuna voti iliyonse. Mgwirizano wa Tonse, umene unaimika Chakwera mu 2020, unali ndi zipani zisanu ndi zinayi, zambiri mwa izo zopanda phungu. Peter Kuwani wa Mbakuwaku Movement for Development, yemwe anaima yekha pa chisankho cha pulezidenti cha pa 23 June 2020, sanafike 1 peresenti.

Maiko ena a mu Africa akuonetsa zomwezo. Ku Zambia, Peter Sinkamba, wodziwika pa zoteteza chilengedwe, anaimira Green Party pa chisankho cha pulezidenti mu 2015 ndi mu 2016, ndipo maulendo onse awiri sanafike 1 peresenti. Anthu ambiri amamukumbukira ndi ganizo lolima chamba chogulitsa kunja kuposa nkhani ya mitengo. Ku Kenya, Wangari Maathai anayambitsa Green Belt Movement mu 1977 ndipo amayi a m'gululo anadzala mitengo mamiliyoni. Ataima pa upulezidenti mu 1997 anapeza mavoti ochepa kwambiri. Mu 2002 anapambana mpando wa Tetu kudzera mu mgwirizano waukulu wa NARC n'kukhala wachiwiri kwa nduna ya zachilengedwe. Mu 2007, atalandira kale mphoto ya Nobel ya 2004, anaimira chipani chaching'ono cha Mazingira Green Party ndipo mpandowo unamuchoka.

Kumene zipanizi zakula ndi kumene mipando imagawidwa molingana ndi mavoti a dziko lonse. Ku West Germany chipani chinkalowa m'Nyumba ya Malamulo chikapeza 5 peresenti, ndipo chipani cha zachilengedwe cha Die Grünen chinalowa mu 1983 ndi 5.6 peresenti, pa nthawi imene anthu ankadandaula ndi kuuma kwa nkhalango zawo. Mavoti omwewo, atamwazikana m'madera onse, ku Malawi sakanapereka mpando.

Mpando wokhawo umene kukula kwake kukufanana ndi nkhalango ya m'mudzi ndi wa khansala, yemwe kuyambira 2014 amasankhidwa pa chisankho chapatatu pamodzi ndi phungu ndi pulezidenti. Wodi ya khansala ndi yaing'ono moti woima amadziwika ndi ntchito zake, monga nazale imene anathandiza kapena mphukira zimene anasunga m'munda mwake. Khonsolo ya boma la Lilongwe, mmene makhansala amakhala pamodzi ndi mafumu akuluakulu monga Kalolo, Kabudula ndi Khongoni, ili ndi mphamvu yopanga malamulo a m'boma lake, kuphatikizapo okhudza kudula mitengo ndi kuotcha tchire.