Mayendedwe a panjinga m'boma la Ntcheu

Mayendedwe a panjinga ndi njira yomwe anthu ambiri a m'boma la Ntcheu amadalira popita kumsika, kuchipatala, kuchigayo, kusukulu ndi kuntchito, makamaka m'madera omwe minibasi sizifika. Njinga zake ndi zamitundu iwiri, yakapalasa ndi yamoto, ndipo zonse zimagwiranso ntchito yonyamula anthu ndi katundu molipiritsa, yomwe imatchedwa kabaza. M'mizinda ya ku Ulaya, America ndi Asia muli zokwera zina za munthu mmodzi, monga njinga ya gudumu limodzi ndi tinjinga toyendera batire. Izi sizinafale ku Ntcheu, ndipo zifukwa zake zikukhudza misewu, katundu, magetsi ndi kakonzedwe.

Malo ndi misewu

Ntcheu ili m'chigawo chapakati, ndipo inachita malire ndi Dedza kumpoto, Mangochi ndi Balaka kum'mawa, Neno kumwera, komanso chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique kumadzulo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu 659,608. Msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre umadutsa pa Lizulu, Biriwiri, Ntcheu boma, Kampepuza ndi Manjawira. Chakumpoto msewuwu umayenda m'malire enieni, moti munthu akaima pa Lizulu, tsidya lina la msewu amakhala akuona Mozambique. Msewu wa M5 umadutsa kumunsi, m'chigwa cha Bwanje, kulowera ku Salima.

Kupatula misewu ikuluikuluyi, yambiri yolowera m'midzi ndi yafumbi. Kumadzulo kuli mapiri a Kirk Range ndi dera lozizira la Tsangano, komwe kumachokera mbatatesi, kabichi, anyezi ndi nyemba zambiri. Kum'mawa, kumadera monga Kasinje, Sharpevale ndi Bilira, nthaka ndi yathyathyathya ndipo kumatentha. Kusiyana kumeneku kumaoneka pa njinga zomwe anthu amasankha. M'chigwa munthu amatha kupalasa mtunda wautali osatsika. Kumapiri wokwera kapalasa amathera nthawi yambiri akukankha, ndipo potsetsereka moyo wake umadalira mabuleki. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, matope amaunjikana pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu kusiya kuzungulira.

Njinga yakapalasa

Njinga ya mawilo awiri ofanana, yoyendera tcheni, inayamba kudziwika mu 1885 pamene John Kemp Starley wa ku Coventry, ku England, anapanga njinga yotchedwa Rover. Mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa matayala opopa. Maonekedwe a njinga zakuda zomwe zimapezeka m'midzi ya ku Malawi sanasiyane kwambiri ndi a nthawi imeneyo. M'zaka za m'ma 1900 amuna ambiri opita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndi m'minda ya ku Rhodesia ankabwera ndi njinga, ndipo mayina ngati Humber ndi Raleigh anatchuka m'midzi. Pambuyo pake kunabwera zotsika mtengo zochokera ku India ndi China, monga Hero, Avon ndi Phoenix. Palinso ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief lomwe linakhazikitsidwa mu 2005, yomwe keliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100.

Mphamvu ya kapalasa yagona pa keliyala. Pamenepo pamakhala thumba la chimanga kapena la feteleza la makilogalamu 50, madengu a tomato, nkhuni, makala, mbuzi yomangidwa miyendo, ngakhale malata. Ambiri amapita nayo kwa owotcherera kuti keliyalayo ailimbitse ndi zitsulo zina, ndipo gudumu lakumbuyo amaliika masipoko okhuthala. Katundu akachuluka, mwini wake sakweranso ayi. Amangoyenda pambali akukankha, njingayo n'kusanduka ngolo.

Chachiwiri ndi kakonzedwe. Pafupifupi pamsika uliwonse pamakhala wokonza njinga pansi pa mtengo, ali ndi mpope, masipanala, guluu ndi zidutswa za chubu chakale. Kumata chubu, kulumikiza tcheni, kusintha kotapini kapena kuwongola limu ndi ntchito zotha tsiku lomwelo, ndipo zipangizo za njinga ina zimalowa pa inzake. M'madera ena muli njinga za ambulansi, zomwe zimakoka kangolo kogonekapo wodwala kapena mayi woyembekezera popita kuchipatala chaching'ono.

Kabaza

Wakabaza amaika katsamiro pa keliyala, timapondero ta wokwera ndi kogwirira kumbuyo kwa chishalo. Ntchitoyi ili ndi mayina ena m'madera ena: ku Mzuzu amati sacramento, ndipo ku Uganda ndi Kenya amati boda boda. Akabaza amaima pa siteji, nthawi zambiri pamphambano pomwe msewu wafumbi wakumana ndi watala, kudikira otsika minibasi. Masiteji ambiri ali ndi tcheyamani ndi malamulo awo, ndipo wofuna kuyamba ntchito amalipira ndalama yolowera. Mtengo wa ulendo ndi wokambirana. Umatengera kutalika kwa mtunda, zitunda, katundu komanso nthawi, chifukwa usiku ndi pamvula umakwera. Si onse omwe njingayo ndi yawo. Ena amabwereka, n'kumapereka ndalama yogwirizana kwa mwini wake tsiku lililonse kapena pa sabata, kaya apeza okwera kaya ayi.

M'zaka za m'ma 2010 njinga zamoto zinachuluka kwambiri m'Malawi monse. Zambiri ndi zazing'ono zopangidwa ku China ndi India, monga Lifo, Lifan ndi Boxer, ndipo m'maboma a m'malire ngati Ntcheu ndi Dedza zambiri zinalowa kuchokera ku Mozambique, komwe zinkagulidwa motchipa. Kumapiri zinasintha zinthu kwambiri. Chitunda chomwe wakapalasa amatsika n'kuuza wokwera kuti ayende wapansi, yamoto imakwera ili ndi anthu awiri ndi thumba. Wodwala amafika msanga kuchipatala, ndipo tomato amafika pa M1 asanafote. Akabaza akapalasa anatsala ndi maulendo afupiafupi, a malo athyathyathya, ndi a anthu omwe ndalama zawo ndi zochepa.

Vuto lalikulu la njinga zamoto ndi ngozi. Malamulo a pamsewu amafuna kuti njinga yamoto ilembetsedwe ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, ikhale ndi inshulansi, woyendetsa akhale ndi laisensi, ndipo iye ndi wokwera avale zipewa zodzitetezera. Ambiri sakwaniritsa zimenezi. Ena amati ndalama zolembetsera ndi zambiri poyerekeza ndi zomwe amapeza, komanso maofesi ake ali kutali. Kunyamula anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi si chachilendo. Pa M1, pomwe pamadutsa mathiraki ndi mabasi akuluakulu, m'malo ambiri m'mphepete mwa tala munadyeka, moti wanjinga aliyense alibe pothawira. Zovulala zofala ndi kuthyoka miyendo ndi kuvulala m'mutu, ndipo wakabaza akagona m'chipatala miyezi iwiri, banja lonse limakhala lopanda pogwira. Kubedwa kwa njinga ndi anthu onamizira kukhala okwera, makamaka usiku, ndi chiopsezo china.

Vuto lina ndi mafuta. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'zaka zomwezo petulo ankasowa kawirikawiri. Kumidzi akabaza ambiri amagula petulo wa m'mabotolo kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, pamtengo wokwera kuposa wa pa filing'i siteshoni. Mafuta akasowa, okwera ena amabwerera ku kapalasa.

Kuphunzira kukwera

Ana ambiri amaphunzirira pa njinga ya akuluakulu chifukwa zazing'ono sizipezeka wamba. Poyamba mwana amangoikankha. Kenako amaponda pedulo limodzi n'kumadzikankha ndi mwendo winawo pamalo otsetsereka pang'ono, monga pabwalo la mpira. Akazolowera, amalowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati n'kumapalasa ali chopendekeka, thupi lili mbali imodzi, njinga mbali ina. Kukhala pachishalo kumabwera pomaliza, miyendo ikatalika. Njira imeneyi ndi yabwino ngakhale imaoneka yoseketsa, chifukwa mwana amayamba wadziwa kukhazikika asanayambe kupalasa.

Njinga ikapendekera kumanzere, wokwera amakhotetsa pang'ono chiwongolero kumanzere komweko, ndipo mawilo amabwerera pansi pa thupi lake. Izi zimaphweka njinga ikamathamanga. N'chifukwa chake wophunzira woopa liwiro ndiye amagwa kwambiri. Kupalasa ndi munthu kapena katundu kumbuyo ndi luso lina, poti kulemera kukachuluka kumbuyo gudumu lakutsogolo limapepuka.

Kuphunzira yamoto n'kofulumira mwachinyengo. Wodziwa kale kapalasa amatha kugwira kilatchi ndi magiya m'masiku ochepa, pophunzitsidwa ndi mnzake pabwalo. Chomwe sachiphunzira pabwalopo ndi zikwangwani za pamsewu, kupatsana mpata pamphambano, ndi kutalika kwa mtunda womwe njinga yolemedwa imafuna kuti iime.

Njinga ya gudumu limodzi

Njinga imeneyi, yomwe pa Chingerezi amati unicycle, ili ndi gudumu limodzi, chishalo ndi mapedulo omangiriridwa pakati pa gudumulo. Ilibe tcheni, ndipo zambiri zilibe chiwongolero kapena mabuleki. Anthu ambiri amakhulupirira kuti inachokera ku penny-farthing, njinga ya m'ma 1870 yomwe inali ndi gudumu lalikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo. Kwa nthawi yaitali inkaoneka m'zionetsero zosangalatsa anthu basi, koma lero ili ndi mipikisano yake ya dziko lonse yotchedwa Unicon, ndipo alipo ochepa omwe amapita nayo kuntchito. Ed Pratt wa ku England anazungulira nayo dziko lapansi kuyambira 2015 mpaka 2018.

Kuiphunzira n'kovuta kuposa kapalasa, chifukwa munthu akhoza kugwera kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali. Wophunzira amayamba atagwira khoma kapena mpanda, amakhazika thupi lonse pachishalo, n'kumapalasa pang'onopang'ono akuyang'ana kutsogolo. Ambiri amafunika maola 10 mpaka 15 kuti ayende okha kamtunda kochepa. Kukwera popanda chogwirira kumatenga nthawi inanso. Ubwino wake ndi woti wakugwa kawirikawiri amatera ndi mapazi.

Pa liwiro imachepekedwa. Kupalasa kamodzi kumazunguza gudumu kamodzi, choncho la mainchesi 20 limayenda mamita 1.6 okha, ndipo lalikulu la mainchesi 36 limayenda pafupifupi mamita 2.9. Kapalasa wa mainchesi 28, wa mano 44 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, amayenda mamita oposa 5 pa kupalasa kamodzi, komanso amalola munthu kupumitsa miyendo potsetsereka. Pa gudumu limodzi miyendo sipuma. Imakondedwa m'mizinda chifukwa ndi yopepuka, imalowa m'sitima ndi m'basi, ndipo zoti n'kuwonongeka n'zochepa. Koma ilibe keliyala. Kwa mlimi wa ku Tsangano kapena wakabaza wa pa Kampepuza, chokwera chosanyamula thumba kapena munthu wachiwiri sichingabweze ndalama yomwe chinagulidwira.

Zokwera zoyendera batire

Chodziwika kwambiri mwa zoyambirira ndi Segway, yomwe Dean Kamen wa ku America anaionetsa mu 2001. Inali ya mawilo awiri oyandikana, yokwera choimirira, ndipo inkathamanga makilomita 20 pa ola. Inali ndi zipangizo zomva kupendekeka kwa wokwera: akaweramira kutsogolo, injini yamagetsi inkapititsa mawilo kutsogolo kuti asagwe. Ntchito yomwe wokwera gudumu limodzi amaiphunzira kwa masiku ambiri inkachitidwa ndi makina, moti munthu ankaizolowera m'mphindi zochepa. Inali yodula kwambiri, sinagulidwe monga ankayembekezera, ndipo anasiya kuipanga mu 2020. Nzeru yomweyo ili mu njinga yamagetsi ya gudumu limodzi, monga Solowheel ya Shane Chen. Palinso masikuta amagetsi obwereketsa kudzera pafoni, omwe mzinda wa Paris unawaletsa mu 2023 anthu ataponya voti.

Zokwerazi zinapangidwira ulendo waufupi wa pamsewu wosalala, monga kuchoka pa siteshoni ya sitima kufika ku ofesi. Timawilo take tating'ono sitilimbana ndi mchenga, miyala ndi zigwembe. Zimafunanso kutchaja tsiku ndi tsiku, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi n'zomwe zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Tisola tomwe mabanja ambiri ali nato timakwanira foni, wailesi ndi mababu ochepa. Batire kapena waya wa m'kati akafa, wokonza njinga wa pamsika alibe pogwira.

Chamagetsi chomwe chikugwirizana ndi ntchito ya kabaza ndi njinga yamoto yoyendera batire, yokhala ndi matayala aakulu ndi malo a wokwera wachiwiri. Makampani monga Ampersand ku Rwanda, Roam ku Kenya ndi Spiro ku Benin ndi Togo amagulitsa njinga zoterezi kwa onyamula anthu. Ampersand ndi Spiro ali ndi malo osinthira mabatire: woyendetsa amasiya lakutha n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa, ndipo amalipira magetsi okhawo m'malo mogula batire. Malo osinthirawa amayambira m'mizinda ikuluikulu monga Kigali ndi Nairobi, komwe njinga zambiri zimazungulira dera limodzi. Ku Ntcheu maulendo ndi omwazikana, ndipo wakabaza wochoka pa M1 kulowera kumapiri amafunika batire lokwanira kupita ndi kubwerera ali ndi katundu.