1965: Chaka Chimene Munthu Adatuluka M'chombo Ali Kuthambo

Ambiri a ife mbiri ya maulendo a kuthambo tidailoweza ngati zaka zitatu zoyankhira mayeso: 1957 Sputnik, 1961 Yuri Gagarin, 1969 Neil Armstrong pamwezi. Koma pakati pa Gagarin ndi Armstrong pali chaka china chimene sitichitchula kawirikawiri, chonsecho popanda icho palibe akadaponda pamwezi. Chakacho ndi 1965. Ine ndidali ndisanabadwe, dziko lathu lidali litangotha chaka chimodzi likudzilamulira, ndipo Yunivesite ya Malawi idali ikulandira ophunzira ake oyamba.

Ulendo wa kumwezi unkafuna zinthu zitatu zimene munthu adali asanazichitepo: kutuluka m'chombo ali kuthambo, kukhala kumeneko masiku ambiri, ndiponso kukumanitsa zombo ziwiri zili pa liwiro. Zonse zitatuzi zidayesedwa m'chaka chimenechi, pamene maiko a Soviet Union ndi Amereka ankalimbirana ukatswiri.

Oyamba adali a Soviet Union. Pa 18 Malichi chombo cha Voskhod 2 chidanyamuka ndi Pavel Belyayev ndi Alexei Leonov. Leonov, mnyamata wa zaka 30, adatuluka panja atamangidwa ndi chingwe cha mamita opitirira pang'ono 5, ndipo adayandama kwa mphindi 12. Apa kumbukirani phunziro la mphamvu ya mpweya lija tinkaliona ngati lotopetsa. Popeza kuthambo kulibe mpweya wokankha kuchokera kunja, chovala chake chidafufuma ngati chikopa cha mpira n'kuuma gwa, mwakuti kubwerera pa kakhomo kopapatiza kudakhala kovuta. Iye adatsegula kavalavu ndi kutayako mpweya wina, chinthu chimene chikadatha kumuvulaza, ndipo chovala chitafewa adalowa thukuta lili kamukamu.

Mavuto sadathere pomwepo. Makina otsitsa chombo adakanika, choncho Belyayev adachiwongolera yekha ndi manja. Adakatera kutali ndi kumene ankayembekezedwa, m'nkhalango yowirira ya m'chigawo cha Perm, m'chipale chofewa chozama. Adagona kumeneko usiku uwiri asanatulutsidwe. Nthawi imeneyo dziko lidangouzidwa za chipambano. Tsatanetsatane wa zoopsazi adadziwika patapita zaka.

Aamereka adayankha ndi zombo za Gemini, zonyamula anthu awiriawiri, ndipo m'chaka chimodzicho adatumiza zisanu. Gemini 3, ya Gus Grissom ndi John Young, idazungulira dziko katatu pa 23 Malichi. Pa 3 Juni Ed White adatuluka mu Gemini 4 ndi kukhala panja mphindi zoposa 20, akudzikankha ndi kachipangizo kam'manja kotulutsa mpweya. Atabwerera chitseko chidavuta kutseka, mpaka iye ndi mnzake James McDivitt adachita kulimbana nacho. Mu Ogasiti Gordon Cooper ndi Pete Conrad adakhala mu Gemini 5 pafupifupi masiku 8, omwe ndi masiku okwanira kupita kumwezi ndi kubwerako. Mu Disembala Frank Borman ndi Jim Lovell adapirira pafupifupi masiku 14 mu Gemini 7, m'kachipinda kosaposa mipando yakutsogolo ya galimoto yaing'ono.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Gemini 6. Pa 12 Disembala Wally Schirra ndi Tom Stafford adali pamwamba pa roketi yodzaza mafuta. Injini zidayaka, kenaka n'kuzima. Wotchi ya m'chombo idayamba kuyenda, kusonyeza ngati anyamuka, ndipo zikatero lamulo lidali lakuti akoke chogwirira chowaponya panja roketi isanagwe n'kuphulika. Schirra sadakoke, chifukwa thupi lake silidamve kuti roketi yasuntha. Adalondola. Akadakoka, chombo chikadawonongeka ndipo iwo akadatha kuvulala koopsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri atafufuza adapeza kuti pulagi yamagetsi idazuka msanga, komanso kuti kachivindikiro kotchinga fumbi kadaiwalidwa m'injini. Atakonza, pa 15 Disembala Gemini 6 idanyamuka ndi kukapeza Gemini 7, zombo ziwirizo n'kuyandikana mpaka kutsala masentimita 30 okha.

Zombo zopanda anthu nazo sizidagone. Pa 6 Epulo padaponyedwa Early Bird, setilaiti yamalonda yolumikiza Ulaya ndi Amereka, imene inkatha kunyamula matelefoni 240 nthawi imodzi. Pakati pa Julayi Mariner 4 idadutsa pafupi ndi Mars n'kutumiza zithunzi zokwana 21 zathunthu. Anthu amene ankayembekeza kuona ngalande ndi zomera adangoona zigwembe ngati za pamwezi. A Soviet Union adayesa kangapo kutsitsa chombo cha Luna pamwezi mosaphwanyika koma adalephera, mpaka Luna 9 idatheka mu Febuluwale 1966.

Afirika adakhudzidwa motani? Imodzi mwa mbale zikuluzikulu zolandirira uthenga wa Mariner 4 idali ku Hartebeesthoek, kufupi ndi Johannesburg. Ndipo pa 26 Novembala dziko la France lidakhala lachitatu kuponya setilaiti ndi roketi yakeyake, Astérix, kuchokera ku Hammaguir m'chipululu cha Algeria. Nthaka idali yathu Aafirika, koma nzeru ndi phindu zidali za eni roketi. Mfundo imeneyi tiyenera kuilingalira.

Mapeto a anthuwa ali ndi chisoni ndi chimwemwe chomwe. Ed White ndi Gus Grissom, pamodzi ndi Roger Chaffee, adapsa m'chombo cha Apollo 1 pa 27 Januwale 1967 chili pansi pomwe, akungoyeserera. Koma mu Julayi 1975 Leonov ndi Stafford, amene mu 1965 adali mbali zolimbana, adagwirana chanza kuthambo zombo za Soyuz ndi Apollo zitalumikizana.

Ndikutolapo maphunziro awiri. Loyamba, ntchito yaikulu imagwa ndi kanthu kakang'ono, monga kachivindikiro koiwalidwa. Ife amene tili m'maofesi a boma, m'zipatala ndi m'makampani tidziwe kuti lipoti lobisa cholakwika limangosungira ngozi amene akubwera m'mbuyo. Lachiwiri, chimene chidapulumutsa Leonov ndi Schirra sichidali mwayi chabe ayi, koma kumvetsa bwino zimene adaphunzira, mwakuti zida zitawasokoneza adatha kuganiza okha.

Masiku ano uthenga wa zanyengo umene mlimi amamvera pa wayilesi, ngakhalenso mpira wa kunja umene timaonera pa kanema, zimadalira masetilaiti. Funso n'lakuti, kodi ana athu adzangokhala ogula nzeru za eni mpaka liti? Choncho tikamakambirana zothandiza sukulu yathu pa msonkhano ukubwerawu, ndikupempha kuti tisaiwale labotale ndi laibulale. Mwana amene wagwira chipangizo ndi manja ake saiwala phunziro, ndipo m'mera mpoyamba.