Nyumba ya Mabuku ya ku Joni

Ambiri a inu muli ndi agogo kapena amalume amene anakagwira nchito m'migodi ya ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni. Pobwera anali kusimba za sitima, za makomboni ndi za mdima wa pansi pa nthaka. Koma za nyumba ya mabuku iri pakati pa mzindawo sanali kusimba, pakuti munthu wakuda sanali kuloledwa kuwerengamo.

Mzindawo unayamba m'caka ca 1886, golide atapezeka. Posacedwa Azungu anasonkhanitsa mabuku m'kanyumba ka malata, ndipo wofuna kubwereka anali kulipira. Nyumba yaikuru yamiyala inatsegulidwa mu 1935 pa bwalo la msika, limene lero lichedwa Beyers Naudé Square. Eni dziko anali kungoipenyera kunja kufikira 1974, pamene anthu a mitundu yonse analoledwa kulowa. Taganizani, mwana wobadwa caka cimene nyumbayo inatsegulidwa anaponda pakhomo pace ali ndi zaka 39, mwina ana ace atatsiriza kale sukulu.

Zitseko zitatsegukira onse, nyumba imene inamangidwira ocepa inayamba kucepa. Tsono mu 2009 anaitseka kuti aikonze, ndipo bungwe la Carnegie la ku New York linathandiza mzindawo ndi ndalama. Amisiri sanagwetse makoma akale ai. Pakati pa nyumbayo panali malo apululu, ndipo m'menemo anamanga nsanjika zitatu zatsopano, kotero kuti woima pabwalo aona nyumba yomwe ija ya 1935, koma akalowa apeza malo ambiri owerengeramo ndi makompyuta. Ine ndiyesa nzeru imeneyi inali yabwino, cifukwa kugwetsa nyumbayo kukadafafaniza umboni wa zimene zinacitika pakhomo pace. Anaitsegulanso mu February 2012.

Cimwemweco sicinakhalitse. Mu 2020 inatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo mliri utacepa siinatsegulidwe, popeza denga linali kudontha ndi zida zozimira moto zinali zosakwanira. Buku liopa madzi ndi moto, kotero cifukwaco cinali comveka. Cosamveka cinali kucedwa kwa nchito. Ana a sukulu osowa malo abata kwao anadikira zaka, kufikira mu 2024 anthu anasonkhana pakhomo ndi kudandaula poyera. Mbali yoyamba inatsegulidwa mu March 2025, ndi yotsala mu August caka comweco.