Nyimbo Yatsopano ya Caka ca 1977

Ndili ndi matenda amodzi amene sindifuna kucira: nyimbo ikatuluka lero, ndifuna ndiimve lero lomwe. Lacisanu lililonse, tsiku limene oimba ambiri amatulutsa nyimbo zao, ndimayamba ndagula bandulo ndisanaganize za ndiwo. June akafika, kuno tikunjenjemera ndi mphepo, ku Ulaya kumakhala kukutentha, dzuwa likulowa mocedwa, ndipo ndiyo nyengo ya zikondwerero zao za nyimbo. Ine ndimafunda bulangeti, foni m'manja, nkumaonerera Glastonbury ngati ndalipira tikiti.

Mu October 2024, woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa "Noid". Ndinali kuiliza pa kasipika kanga pakhonde kwa amalume ku Matero, iwo akusenda nshawa. Mwadzidzidzi manja ao anaima.

"Tabweza pang'ono, mphwanga."

Ndinabweza.

"Uyu ndi Paul Ngozi. Wati yatuluka liti?"

"Sabata yatha, amalume."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine ndinaivina amako asanakwatiwe."

Sananame. Gitala yokalipa ija ndi mau a Cinyanja amene ali m'kati mwa "Noid" anatengedwa mu "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya gulu la Ngozi Family imene ili pa cimbale ca 45,000 Volts ca mu 1977. Ine amene ndimadzitama kuti palibe nyimbo imandipita, ndinafunika munthu wa ku California kuti andimvetse nyimbo ya ku Lusaka. Manyazi amenewo ndi amene ananditumiza kukafufuza mbiri iyi.

Nyimbo zimene lero timazicha Zamrock zinabadwira m'ndalama za mkuwa. Dziko litalandira ufulu mu 1964, migodi inali kulipira bwino, ndipo anyamata a ku Kitwe, Ndola, Chingola ndi Lusaka anali kumva The Beatles, The Rolling Stones, James Brown ndi Jimi Hendrix pa wailesi ndi pa marekodi. Poyamba anali kungotengera. Emmanuel Chanda, woimba wa gulu la WITCH la ku Kitwe, anapatsidwa dzina lakuti Jagari cifukwa anthu anali kumufanizira ndi Mick Jagger. Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, anachuka poliza gitala ndi mano monga Hendrix. Koma kutengera sikunakhalitse. Ng'oma za kumudzi ndi zilankhulo zathu zinalowerera, nkutuluka cinthu cimene kunalibe kwina kulikonse. Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya anali m'gulu la otsogola. Mu 1975 WITCH inatulutsa Lazy Bones!!, Amanaz nkutulutsa Africa.

Pali kanthu kamene kamandisangalatsa ndikaika zaka pamodzi. Glastonbury yoyamba inacitika pa 19 September 1970, tsiku limodzi Hendrix atamwalira, pa famu ya ng'ombe za mkaka ya Michael Eavis. Tikiti inali paundi imodzi, ndi mkaka waulere pamwamba, ndipo kunabwera anthu pafupifupi 1,500. Lero kumasonkhana anthu okwana 200,000. Ndiye kuti cikondwerero cimeneci ndi Zamrock ndi ana a msinkhu umodzi, oyamwa bere limodzi la gitala. Wina anakula nkulemera. Wina anadwala ali mnyamata.

Sikuti Zamrock inalibe omuthandiza. Pakati pa zaka za m'ma 1970, a Kenneth Kaunda, amene iwo eni anali kuliza gitala, analamula kuti nyimbo zoposa 90 pa 100 zilizonse zolizidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'Zambia. Anthu angatsutsane za colinga ca lamulo limenelo, popeza inali nthawi ya cipani cimodzi, koma zotulukapo zake zinaoneka: wailesi inali ndi njala ya nyimbo, ndipo aliyense wokhala ndi gulu anathamangira kukajambula. Ku Ndola kunali Teal Records ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, ku Chingola situdiyo ya Malachite, ku Lusaka DB Studios. Amalume amati masiku amenewo cikondwerero cao cinali ku Showgrounds pa nthawi ya cionetsero ca zaulimi, kapena ku Trade Fair ku Ndola. Munthu unali kusunga ndalama mwezi wathunthu, kusita buluku lotambalala kumiyendo, nkupita kukaima pafumbi kuyambira masana. Akamafotokoza, maso ao amawala monga amawalira anga pa bulangeti paja.

Nanga cinapha zonsezi n'ciani? Sicinali cinthu cimodzi. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, pamene mkuwa ndiwo unali kubweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja. Mafuta anali atakwera kale mtengo, malire a Rhodesia anali otseka kuyambira 1973. Munthu amene wakhala pa mzere wa unga ndi saladi tsiku lonse sagula rekodi. Kenaka nkhondo ya anansi inatifika pakhomo. Mu October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo m'zaka zimenezo kunali malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi. Gulu la nyimbo limadya usiku. Ukalilanda usiku, walilanda nsima. Disiko inabwera, mwini bala nkuona kuti kulipira munthu mmodzi woliza marekodi n'kochipa kuposa kulipira anyamata asanu ndi zida zao. Makaseti okopera anadya msika wotsala. M'zaka za m'ma 1980 makutu a anthu anatembenukira ku kalindula ya a PK Chishala ndi Amayenge, ndipo pamenepo sindidandaula, cifukwa nayonso ndi yathu.

Comaliza cinali Edzi. Matendawa anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo akali ndi mphamvu. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala. Iye anali atasiya gululo kale nkukhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anapita kukakumba miyala yamtengo wapatali kuti adyetse banja.

Amene anabwera kudzatola zotsala anali alendo. Osonkhanitsa marekodi akale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuwasakasaka, ndipo mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale za WITCH pamodzi. Mtaliyana wina, Gio Arlotta, anapanga filimu ya Jagari imene inatuluka mu 2019, ndipo pa nthawi yojambula filimuyo gulu linaukanso: Jagari, Patrick Mwondela wa pa kiyibodi, ndi oimba acinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2023 anatulutsa Zango, cimbale catsopano patapita zaka pafupifupi 40. Sampa the Great, mwana wa kuno amene anakulira ku Botswana nkuchukira ku Australia, anaimba ku Coachella ndi ku Glastonbury mu 2022 ndi gulu la oimba a ku Zambia, ndipo nyimbo yake "Never Forget" ndi yolemekeza Zamrock.

Ndimakondwa, inde. Ndikaona mkulu wa imvi akudumpha pa siteji pamaso pa anyamata acizungu, ndimakuwa ndekha m'cipinda. Koma kukondwako kumabwera ndi kakuwawa. Kuti ndione Jagari bwinobwino, ndiyenera kudikira cilimwe ca eni ake ndi intaneti yabwino. Ndipo zimene zinauka ndi zokhazo zimene zinajambulidwa, nkupezeka ndi munthu wokhala ndi ndalama zozikonzera.

Ndinafunsa amalume za marekodi ao. Anati anali ndi katoni yodzaza. Ena anapindika ndi dzuwa, ena ana anaseweretsa ngati mawilo, otsala anatayika posamuka kucoka ku Kitwe atasiya nchito ya mumgodi. Sanaoneke odandaula kwambiri. Cimene anali kufuna cinali cina.

"Popeza foni yako idziwa zonse, ndipezereko nyimbo ina. Anali anyamata a ku Kabwe, anaiimba ku Showgrounds. Dzina lao landithawa."

Ndinasaka usiku wonse, pa YouTube, pa Spotify, m'magulu a okonda Zamrock pa Facebook. Sindinaipeze. M'mawa ndinawauza. Anagwedeza mutu, nkuti mwina anyamatawo sanafike n'komwe ku situdiyo. Kenaka anayamba kuiimba okha capansipansi, akuomba cala pa mbale ya nshawa pamalo pa ng'oma. Ndinatsegula foni nkuyamba kujambula. Anaima pakati, nati ndime yaciwiri aiwala, ndibwere Sondo mwina idzakhala itabwerera.